Cithunzi ca Mwini Ndalama, Mau a Womasulira: Cinenero m'Makanema Ophunzitsa a Nthawi ya Atsamunda

Mau oyamba

Akatswiri amene afufuza mbiri ya kanema m'dziko lino ndi m'maiko oyandikana nalo, monga Rosaleen Smyth, David Kerr, Charles Ambler ndi James Burns, anagwira nchito yaikulu pa mafunso awiri: ndani anatulutsa ndalama zopangira makanema ophunzitsa anthu akuda, ndipo munthu wakuda anaonetsedwa motani m'zithunzizo. Pali funso lacitatu limene liyenera kutikhudza ife a zinenero koposa ena onse. Funsolo ndi ili: anthu amene anayala mphasa pabwalo la mfumu kapena m'komboni ya pamgodi, maso ali pa nsalu yoyera, anamva mau otani m'makutu mwao?

Cimene ndifuna kusonyeza m'nkhani ino ndi cakuti kanema wotere anali ndi eni ake awiri. Cithunzi cinali ca amene analipira, kaya ndi boma, amishoni kapena kampani ya mgodi. Mau anali a munthu wina, womasulira wa malipiro ocepa, amene dzina lake silinalembedwe pa kanemayo. Ndidzanenanso kuti zolephera zambiri zimene opanga makanema anazikankhira pa maso a oonerera, ponena kuti Mwafirika sadziwa kuona cithunzi, gwero lake linali cinenero.

Mbale za galamafoni za ku Vugiri

Mu 1932 bungwe la International Missionary Council linatuma J. Merle Davis ndi anzake kudzaona umoyo wa anchito a m'migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia. Zimene anapeza zinatuluka mu 1933 m'buku lochedwa Modern Industry and the African. Mwa zina, Davis anada nkhawa ndi kutalikirana kwa mnyamata wa kumigodi ndi akulu a kumudzi kwao, ndiponso ndi makanema a ku America amene anchito anali kuonerera akaweruka. Mankhwala amene anaganizira anali kanema yemweyo, koma wopangidwira Mwafirika. Motero mu 1935 munayamba nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Ndalama zambiri zinacokera ku Carnegie Corporation ya ku New York, ndipo makampani a migodi ya Roan Antelope, Rhokana ndi Mufulira anaponyapo zao. Kujambula kunali m'manja mwa L. A. Notcutt, amene anagwirapo nchito m'minda ya khonje, pa malo ochedwa Vugiri m'mapiri a Usambara ku Tanganyika. Mbali ya maphunziro inapatsidwa kwa G. C. Latham, amene anakhalapo mkulu wa maphunziro a anthu akuda m'dziko lino. M'zaka ziwiri anajambula makanema 35, ndipo oyambawo anawayendetsa pa lole ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda.

Mau sanali pa filimu penipeni. Anajambulidwa padera pa mbale za galamafoni, kuti cithunzi cimodzi cithe kuyenda ndi zinenero zingapo, ndipo Cinyanja ndi Cibemba zinali pakati pa zinenerozo. Njira imeneyi inapulumutsa ndalama, koma ikutiululiranso maganizo a eni nchito. Kwa iwo nkhani yonse inali m'cithunzi, ndipo cinenero cinali cinthu comangosintha pofika pa malire a mtundu wina. Nkhani inaganiziridwa m'Cingelezi, inajambulidwa pakati pa anthu a ku Tanganyika, ndipo Cinyanja cinabwera zonse zitatha.

Tiyeni tione zimene zicitika ku nkhani yotere ikalowa m'Cinyanja. Kanema wina wa Notcutt ndi Latham, wochedwa Tax, anayerekeza masiku akale a nkhondo ndi ziwembu ndi masiku a boma la Azungu, kuti woonerera aone zabwino zimene ndalama yake imagula. Pomasulira palibe mau ena koma “msonkho”. Tsinde la mauwa ndi “kusonkha”, cimene abale amacita pamaliro kapena paukwati, aliyense kuponyapo monga mwa mphamvu zake, ndipo cimene mai amacita ndi nkhuni kuti moto usazime. Tsindelo likanathandiza phunziro la kanema. Koma pofika 1935 mauwa anali atasenza katundu wina: mesenjala pakhomo, citupa, ulendo wa ku Harare kapena ku Joni kukafuna ndalama yolipira boma. Zofananazo zinagwera mau akuti “thangata” ku Nyasaland, amene poyamba anali kunena za kuthandizana, kenaka nakhala dzina la nchito yokakamiza pa minda ya Azungu. M'mwezi wa May caka comweco ca 1935, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo ku Luanshya apolisi anaombera ndi kupha anthu 6. Munthu amene anamva za imfa zimenezo sakanamva mau oti “msonkho” monga mmene wolemba nkhani wa ku Vugiri anafunira, ngakhale cithunzi cikadaoneka bwino cotani.

Wanzeru, wocenjera ndi womvera

Kanema amene anakhala citsanzo ca ambiri otsatira ndi Post Office Savings Bank. Amuna awiri alandira malipiro. Wina akumbira ndalama zake pansi m'nyumba, mbala nkuziba. Mnzake akaika zake ku positi, ndipo zisungika. Kalukidwe aka, ka munthu wocita bwino ndi mnzake wocita moipa, kanachuka ndi dzina la Mr Wise ndi Mr Foolish, ndipo opanga makanema anakakonda poganiza kuti kafanana ndi nthano zimene Mwafirika anazolowera.

Apa ndi pamene ndifuna kukhalitsa, cifukwa kufananako ndi kwa pamwamba cabe. Cingelezi cingachule munthu wa ku positi uja ndi liu limodzi, koma Cinyanja cimafuna kuti womasulira asankhe. “Wanzeru” ndi munthu amene aweruza mlandu onse nakhutira, amene adziwa ponena ndi pokhala cete. Nzeru zotere zimadza ndi zaka ndipo amazicitira umboni ndi anthu. “Wocenjera” ndi Kalulu, amene apulumuka mwa kupusitsa Njobvu ndi Mkango, ndipo pomvetsera nthano ana amakhala ku mbali yake ngakhale akunama. Munthu wa m'makanema awa sali wanzeru kapena wocenjera. Iye acita zimene mlangizi wa boma wamuuza, pa nthawi imene wauzidwa, ndipo alandira mphotho. Dzina lake loona ndi “womvera”. Kumvera ndi khalidwe loyamikika kwa mwana ndi kwa mkamwini watsopano, koma palibe nthano ya Acewa imene ngwazi yake ipambana cifukwa comvera wamphamvu. M'nthano zathu amene akhulupirira mau a Mkango amadyedwa. Notcutt ndi Latham anamudziwa Kalulu, pakuti anajambulako nthano yake m'kanema wochedwa The Hare and the Leopard, koma m'makanema ao ophunzitsa mphotho inapitabe kwa womvera.

Mneni woti “kusunga” nayenso ali ndi nkhope ziwiri. Timasunga ndalama, koma timasunganso ana amasiye, nkhalamba ndi mlongo amene ukwati wake watha. Pamene awiriwa alimbana, mwambo umaika kusunga anthu patsogolo, ndipo amene ali ndi ndalama m'buku la ku positi pomwe mphwake agona ndi njala ali ndi maina ake: woumira, womana. Kanema anafanizira positi ndi dzenje la pansi pa mphasa, ngati kuti munthu wakuda analibe kwina koika cuma. Banki yeniyeni ya wanchito wa nthawi imeneyo inali abale, mbuzi ndi ng'ombe, ndipo imeneyo sinaonetsedwe konse. Womasulira woona mtima anayenera kuona kuti mau amene ali kuyamikira nao Mr Wise angamveke ngati citonzo.

Ndiponso nthano siyenda ndi pakamwa pamodzi. Wosimba akati “Panangokhala”, omvera ayankha “Tili tonse”, ndipo akaleka kuyankha nthano yafa. Mbale ya galamafoni sidikira yankho.

Munthu wa pa maikolofoni

Mu 1948 munakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, kuti itumikire Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake anali Alan Izod, ndipo wojambula wodziwika kwambiri pa zaka zoyamba anali Stephen Peet. Pofika 1963 bungweli linali litapanga makanema oposa 600. Oyambawo, monga The Two Farmers ndi Mulenga Goes to Town, anali opanda mau, ndipo anali kuyenda pa magalimoto okhala ndi makina a magetsi ndi cokuzira mau. Mbale ya galamafoni inalowedwa m'malo ndi munthu wamoyo, woima pambali pa nsalu ndi maikolofoni m'manja.

Sindili m'gulu la amene amataya makanema amenewa onse pamodzi. Peet anajambula m'midzi yeniyeni, ndi anthu amene sanaphunzire za sewero, ndipo anadziwa kuti anthu oseka sacoka pabwalo. Nkhani ya Mulenga, mnyamata amene atumidwa ku tauni kukagulitsa nkhuku ndi kugwa m'mabvuto kumeneko, inalukidwa bwino. Cilema cake ndi cakuti mbali imene ifuna kuopseza, ndiyo tauni, ndi imene ili ndi moyo ndi nthabwala. Mnyamata wa kumudzi woonerera zimenezi akanatha kubwerera kunyumba atatsimikiza mtima kuti apite, koma akacenjere kuposa Mulenga. Tinenenso podutsa kuti Peet yemweyo, atabwerera ku Britain, anayambitsa mu 1969 pulogalamu ya BBC yochedwa Yesterday's Witness, imene inachuka cifukwa colola anthu wamba kusimba mbiri yao ndi pakamwa pao. Anthu a m'makanema ake a kuno analibe mwai umenewo.

Tsono taganizirani za womasulira uja. M'manja mwake muli pepala la ndemanga lolembedwa ndi Mzungu. Patsogolo pake pakhala mfumu ndi nduna zake, amai ndi makanda, anyamata, ndi mkamwini amene wakhala patali ndi apongozi ake monga mwambo ufunira. Cingelezi cili ndi mlowam'malo mmodzi wa munthu amene ukulankhula naye, ndipo lamulo lake silisiyanitsa mwana ndi mfumu. Cinyanja sicilola zimenezo. “Kumba cimbudzi”, “kumbani cimbudzi”, “mukumbe cimbudzi” ndi “tiyeni tikumbe zimbudzi” ndi ziganizo zinai zosiyana. Coyamba cinyoza bwalo lonse. Caciwiri ndi liu la kapitao. Cacitatu cimveka ngati langizo la munthu wokufunira zabwino. Cacinai ciika wolankhula pamodzi ndi omvera, koma cimamcotsa ku mbali ya boma limene lamtuma. Pa ciganizo ciliconse womasulira anali kusankha kumene aima, ndipo kusankha kumeneko kunalibe malo pa pepala la Cingelezi.

Nanga ngati nkhani ili ya njoka za m'mimba, ya cinzonono kapena ya ucembere? Zinthu zimenezi zili ndi malo ake ndi anthu ake oziphunzitsa: anamkungwi ku tsimba, akulu kumphala. Kuzichula poyera pamaso pa apongozi ndi ana ndi kutukwana. Womasulira akachula maina enieni, akulu adzanyamula mphasa zao. Akazungulira ndi mau monga “kupita kuthengo” kapena “matenda a akulu”, ulemu usungika koma phunziro la zaumoyo licepa mphamvu. Njira yacitatu, imene munthu aliyense wodziwa bwalo angaitenge, ndi kusandutsa zonse nthabwala, kupatsa anthu a pa nsalu maina a kumudzi komweko ndi kuwaikira mau m'kamwa. Pamenepo anthu asangalala, koma kanema amene amva salinso uja amene boma linalipirira. Mau onsewa ananenedwa usiku umodzi, pa bwalo limodzi, ndipo anatha ndi usikuwo.

Udzudzu waukulu

William Sellers, amene anatsogolera Colonial Film Unit ya ku London kuyambira 1939 atagwira nchito ya zaumoyo ku Nigeria, anaphunzitsa kuti kanema wa Mwafirika ayende pang'onopang'ono, asadumphe nthawi kapena malo, ndipo apewe macenjera a kamera, cifukwa munthu wosaphunzira amasokonezeka. Ciphunzitso cimeneci cinali kuyenda ndi tinkhani take. Kochuka kwambiri ndi ka oonerera amene, ataona udzudzu wokuzidwa kudzaza nsalu yonse, anati iwo alibe nkhawa pakuti udzudzu wa kwao ndi waung'ono. Burns anasonyeza kuti tinkhani totere tinali kubwerezedwa m'maiko osiyanasiyana, aliyense kusimba ngati zinacitikira iye.

Ngakhale titabvomera kuti mauwo ananenedwadi, funso la wa zinenero likhalapobe: ananenedwa ndi liu lotani? Aliyense amene anakulira pabwalo la mudzi adziwa nkhalamba imene, poona cinthu cotere, inganene ndi nkhope youma kuti, “Aa, koma kwanuko muli pa mabvuto, wathu kuno safika apo,” anthu nkugwa nazo ndi phwete. Ndi nthabwala, ndiponso ndi njira yaulemu yokanira mlendo amene wabwera kudzakuphunzitsa za udzudzu umene wakuluma kuyambira ubwana. Ciganizoco cikadutsa mwa womasulira kupita kwa bwana, kucoka apo nkulowa m'lipoti, cimene citsala ndi mau okha popanda kamvekedwe kake, ndipo nthabwala isanduka umboni wa umbuli.

Umboni wotsutsa ciphunzitso ca Sellers unapezeka m'dziko lino lomwe. Hortense Powdermaker, amene anacita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 ndi kutulutsa buku la Copper Town mu 1962, anatuma omthandiza ake kukhala pakati pa oonerera ndi kulemba zimene anali kunena. Anthuwo sanakhale cete. Anali kulangiza ngwazi ya makanema a akauboi, imene anaicha Jack m'kanema aliyense, kufotokozerana nkhani ndi kutsutsa zimene sanagwirizane nazo. Makanema amenewo anali othamanga, a Cingelezi ca ku America, ndipo ena anali odulidwadulidwa ndi bungwe lopima makanema, komabe anthu anawatsatira ndi kuwakonda. “Tili tonse” amene kanema wophunzitsa sanampatse malo, oonerera anadzipatsa okha. Cotidandaulitsa ife ndi cakuti mau aowo anatifika m'Cingelezi.

Makampani a migodi analipiriranso makanema a mtundu wina, monga Chisoko the African wa 1949, amene ndemanga yake ndi ya Cingelezi ndipo colinga cake cinali kuonetsa anthu akunja kuti mgodi ukutukula Mwafirika. Amenewo sanabvutike ndi womasulira, pakuti munthu wakuda anali wokambidwa cabe. Wailesi ndiyo inatenga njira ina. Central African Broadcasting Station ya mu Lusaka, imene kanema wa Lusaka Calling wa 1950 anailengeza pamodzi ndi kawailesi kochipa ka Saucepan Special, inaika pa maikolofoni anthu onga Alick Nkhata, olankhula ndi kuimba m'zinenero za omvera, ndipo omvera anali kuyankha ndi makalata.

Pambuyo pa ufulu

Atsamunda anapita, koma kalukidwe kao kanatsala, ndipo eni ndalama atsopano anali mabungwe a cithandizo. Consequences wa ku Zimbabwe wa 1988, wonena za mimba za atsikana a sukulu, ndi It's Not Easy wa ku Uganda wa 1991, wopangidwira kuphunzitsa anchito m'makampani za Edzi, anajambulidwa ndi Aafirika, ndipo anthu ake amalankhula okha. Ici ndi cosintha cacikulu. Komabe cinenero coyamba cinali Cingelezi, kuti kanema mmodzi ayende m'maiko ambiri, monga momwe Notcutt anaganizira, ndipo kumudzi kapena m'kantini ya pa fakitale panafunikabe munthu woima pambali. Iyeyo ndiye anasankha pakati pa “Edzi”, “kacirombo”, “kaliwondewonde” ndi “matenda a masiku ano”, ndipo lililonse la mauwa lili ndi ciweruzo cake pa wodwala.

Ine ndinamuona munthu wotere ndili mwana, pa bwalo la mpira la sukulu yathu ku cigawo ca Kum'mawa. Za kanemayo ndikumbukira zocepa: munali mai wosatenga mwana ku sikelo ndi mnzake wotenga. Koma mau a bambo wa pa maikolofoni ndiwakumbukira mpaka lero. Mai wosamvera uja anamucha Nangozo, namuikira m'kamwa madandaulo a kutalika kwa njira ndi kuculuka kwa nchito ya kumunda, mwakuti amai a pabwalo anayamba kumubvomereza mokweza. Kwa milungu ingapo pambuyo pake, kucitsime kunali kukambidwa za Nangozo. Mai womvera uja analibe dzina.

Bambo ameneyo ndi anzake anali olemba nkhani m'Cinyanja, ngakhale sanagwire colembera, ndipo ena mwa amene anagwira nchito imeneyi pambuyo pa 1964 akali moyo. Zithunzi zili ndi osunga: atatu mwa makanema a ku Vugiri ali ku British Film Institute, ndipo ambiri a Central African Film Unit ali ku National Archives of Zimbabwe mu Harare. Kufunafuna omasulirawo ndi kujambula mau ao ndi nchito imene igwera cigawo ca zinenero, pakuti ndife tingamve kusiyana kwa “kumbani” ndi “mukumbe”.

Caka catha ndinayesa kanthu kena m'kalasi la kumasulira. Ndinaonetsa ophunzira Tropical Hookworm wa 1936, mmodzi mwa atatu otsala aja, ndi kuwapempha kuti aliyense aime pambali napereke ndemanga m'Cinyanja, poganiza kuti pamzere woyamba pakhala mfumu ndi apongozi ake. Woyamba anamasulira liu ndi liu, ndipo anzake anati walankhula ngati cikwangwani ca pa cipatala. Waciwiri anazungulira kwambiri mwakuti palibe amene akanadziwa kuti nyongolotsizo zilowera kumapazi. Wacitatu, mtsikana wa ku Katete, anayamba ndi kupepesa kwa akulu kuti usiku uno tikamba zosakambika, nacha wodwalayo dzina, nayamba kumufunsa mafunso ndi kudziyankha yekha m'liu la wodwalayo. Pofika pa nkhani ya cimbudzi analeka kulankhula, natembenukira kalasi ndi kufunsa kuti, “Nanga kwanu mumati ciani?” Mayankho anabwera m'Cicewa, m'Cinsenga, m'Cibemba ndi m'Cinyanja ca mu Lusaka, ndipo tinayenera kuimitsa kanema kwa mphindi khumi kuti mkangano uthe.